Ngodya Imene Anagumula Bizeki

Matilda anali atagwada pakhonde la nyumba yakale akuzira pamene mwana wake Bizeki anatulukira kuseri kwa nkhokwe, foni ili m'manja. Mtsiro anali atakautapa kudambo m'mawa dzuwa lisanapse, wakuda bii, ndipo anali atafika nawo pakati pa khonde, moyang'anizana ndi chitseko.

"Amayi, Lilian akuti akubwera mawa," anatero, kunena mlongo wake wa ku Lilongwe.

"Wadwala?"

"Ayi. Akubwera ndi abwana ake, a Onani. Akuti akufuna adzaone nyumba iyi, aijambule."

Matilda anapukuta thukuta ndi mkono poti manja anali matope okhaokha. "Iyi? Yaudzuyi?"

"Yomweyi. Wachita kubwereza kawiri."

Pakhomopo panali nyumba ziwiri. Kumaso, moyang'ana msewu wa ku Golomoti, kunali yanjerwa zootcha, yamalata, yamawindo agalasi. Anaimanga ndi Bizeki, atalima mpunga kusikimu ya Bwanje zaka zitatu osagula ngakhale nsapato, kuti mayi ake asamagone m'dothi. Kuseri kwake kunali yakaleyi, ya mdindo, ya makoma a dothi losinja, imene Matilda anamanga ndi malemu mwamuna wake Enock chaka chimene Bizeki anali kumsana. Bizekiyo tsopano anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi ndi kadazi koyamba kumene.

Za nyumba yakaleyi anali atagwirizana kale kuti akakolola aigumula. Bizeki ankati ikumuchititsa manyazi, anthu odutsa amaganiza kuti mayi ake anawataya. Matilda sanatsutse. Mwana akakumangira nyumba ndi thukuta lake sumuuza kuti mkati mwake mumatentha ngati uvuni umene anaotcheramo njerwazo. Ankangoti dzuwa likafika pamutu, n'kunyamula mphasa kukagona m'nyumba yakale, mmene munali mtsuko wake wa madzi ndi mbewu zake. Bizeki ankachita ngati sakuona.

"Mukudziwa chimene akufuna anthu amenewa," anatero Bizeki. "Mwaiwala chaka cha madzi osefukira?"

Matilda sanaiwale. Kunabwera anthu pagalimoto yoyera ndi makamera, anayendayenda mpaka anapeza nyumba yopendekeka kuposa zonse. Mwini wake, mayi wina wa kutsidya, anathamangira kukavala chitenje chake chatsopano, iwo anati ayi, valani chomwe chija chong'ambika, nsapatonso vulani. Anamuimika pakhomo, anamujambula, anapita. Mpaka lero ana amamuseka.

"Lilian sangandichite zimenezo," anatero Matilda.

"Lilian ndi wantchito. Abwana akati tipezere nyumba yaumphawi, akana? Amayi anga sajambulidwa ngati opemphetsa ine ndili moyo. Tinati tikakolola, koma ndigumula lero."

"Mufunse kaye."

"Ndimufunse chiyani? Ndine mkulu wake."

Matilda anayang'ana khonde, theka lakuda lonyowa, theka lotuwa. Ntchito ya Lilian sankaimvetsa bwino. Ankangodziwa kuti mwana wakeyo amalemba mapulani a nyumba ku Lilongwe, ndi kuti akabwera amagogoda makoma a anthu ngati wogula mavwende. Mwina Bizeki ankanena zoona. Anaganizira za iye mwini ataimikidwa pakhomo wopanda nsapato, azimayi akumpingo akuonerera. Anaika nkhulungo, kamwala kake kosalazira, m'beseni la mtsiro, n'kudzuka mogwira bondo.

"Chita zimene waganiza. Koma mtsuko wanga utuluke wamoyo."

Anatulutsa yekha mtsukowo, mphasa, nsupa za mbewu ndi mpando wa Enock wa miyendo itatu. Beseni analikankhira pansi pa mtengo wa mango. Bizeki anakaitana Ali, mnansi wawo wogulitsa nsomba panjinga, ndipo awiriwo anakwera padenga kuyamba kusasula udzu. Matilda anatenga khasu kupita kudimba. Kunalibe cholima kumeneko, koma sakanatha kukhala pamenepo.

Kudimbako phokoso linkamupezabe. Poyamba kunali kuseka kwa Ali, kenako piki inayamba: gu, gu, gu. Anakhala pamzere wa mbatata n'kumamvera.

Chaka chimene anamanga nyumbayo kuno kunali mitengo. Ukachoka pa Golomoti kupita ku Mua unkayenda mumthunzi, masawu ndi bwemba ukutola m'njira. Enock anaphunzira mdindo kwa malume ake a ku Mua komweko. Anabwereka matabwa awiri aatali, n'kumawamanga moyang'anizana, dothi n'kumathira pakati, iye n'kumasinja ndi musi mpaka dothilo lisiye kulira ngati dothi, liyambe kulira ngati mwala. Ankaimba posinja. Mawu analibe munthu uja, agalu ankachita kuchoka pakhomo, koma ankaimba tsiku lonse. Matilda ndiye ankasenza dothi la pachulu ndi mchenga wa ku Namikokwe, mwana ali kumsana, khosi likuchita kulira. Ankamutukwana Enock chamumtima ulendo uliwonse. Atamaliza, tsiku loyamba kugonamo, Enock anatsegula kawindo ka kum'mawa ndi ka kumadzulo, mphepo ya kunyanja inalowera uku n'kutulukira uko, iye n'kunena kuti, "Wamva, amake mwana? Azungu amagula chimenechi." Lilian anabadwira m'menemo. Enock anamwalirira m'menemo, mwezi wa Okutobala, atafunda bulangete chifukwa mkati munali kuzizira.

Atabwerera madzulo anapeza denga palibe. Nsungwi zakuda ndi utsi zinali mulu pambali, udzu mulu wina. Koma makoma anali chiimire. Ngodya imodzi yokha, ya kumadzulo, ndi imene inagumuka kufika m'chiuno. Ali anali atakhala pansi akuuzira matuza m'manja.

"Amake Bizeki, walahi amuna anu anathiramo chiyani umu? Piki ikungodumpha. Ine ndimati dothi, kani ndi mlatho wa sitima."

"Timaliza m'mawa," anatero Bizeki osayang'ana mayi ake.

M'mawa sanamalize. Mpini wa piki unathyoka pakumenya kwachitatu, ndipo asanapeze wina galimoto inali itaima pamsewu.

Matilda anali atavala chitenje cha kumpingo ndi nsapato zotseka. Alendo anawalowetsa m'nyumba yamalata, pamipando yabwino. Onani anali bambo wamtali woonda, nsapato zake zafumbi ngati za munthu wamba. Analonjerana bwinobwino, za ulendo, za mapiri a Khwekhwerere, za mvula imene ikuchedwa. Malata anayamba kuthetheka ndi dzuwa. Onani anatulutsa kansalu kupukuta khosi, anakabweza, anakatulutsanso. Lilian ankangosuntha pampando.

"Amayi, tiyeni kuseri tikakhale kozizira. A Onani aone nyumba ija."

"Kulibe chojambula kumeneko," anatero Bizeki.

Lilian anamuyang'ana mchimwene wakeyo, anadzuka, anatuluka. Onse anamutsatira. Atakhota pangodya ya nyumba yamalata anaima chilili, manja pamutu.

"Mayo! Achimwene, mwatani?"

"Ndachotsa manyazi pakhomo. Ukafuna wojambula wopanda nsapato ukafune kwina, osati mayi anga."

"Wopanda nsapato wake uti? Ndani wanena za nsapato?" anatero Lilian. "Miyezi itatu ndakhala ndikuwauza anthu kuntchito za nyumba iyi. Kuti kwathu kuli nyumba ya zaka makumi atatu yopanda mng'alu ndi umodzi womwe, yopanda simenti, yoti masana umafunda. Ankanditsutsa. Lero ndabwera nawo, inu mwaigwetsa?"

"Nanga bwanji sunanene?"

"Nanga inu bwanji simunafunse?"

"Takhalani chete nonse," anatero Matilda. "Pali mlendo. Bambo, tandiuzani inuyo, poti awa ndi ana. Mukuifuniranji nyumba yanga?"

Onani anavula chipewa. Anafotokoza mosathamanga kuti kunja kwa Lilongwe akumanga nyumba makumi asanu ndi awiri pamalo amodzi, za aphunzitsi, anamwino ndi anthu a mumsika. Njerwa zootcha sakuzifuna chifukwa uvuni uliwonse umadya mitengo, ndipo mitengoyo yatha. Simenti yambiri sakuifunanso, ndi yodula ndipo kopangira kwake kumafuka utsi wochuluka. Akufuna makoma a dothi losinja, makonde otambalala, mitengo pakati, madzi a padenga osungidwa m'matanki, kuti munthu asamagule magetsi ongoziziritsira nyumba.

Matilda anamumvera mpaka kumapeto. Kenako anatembenukira kwa Lilian.

"Ndiye sukulu yonse ija, mbuzi zonse zija ndinagulitsa, unkaphunzira mdindo?"

Ali, amene anali atafika ndi mpini watsopano, anaseka mpaka kutsamira mtengo. Onani nayenso anaseka.

"Ndi mdindo ndithu, amayi. Kungoti wathu ukung'aluka. Tamanga makoma oyesera asanu ndi limodzi, onse ming'alu yolowa chala. Tili ndi makina, tili ndi mabuku. Ndiye ndimati ndidzaone a bambo anachita bwanji."

Anapita pangodya yogumukayo n'kugwada m'fumbi, buluku lake labwinolo. Pamene piki inadula, khoma linkaoneka mkati mwake, mizere yosanjikizana ngati mkate wodula. Anayendetsa chala kuchokera pansi, akukanda ndi chikhadabo. Mizere yonse inali gwa. Koma atafika pa wina, cha m'chiuno, dothi linayoyoka.

"Apa ndiye pamene piki inalowera," anatero Ali. "Pena ponse imakana."

"Mzere uwu ndi wosiyana," anatero Onani. "Dothi lake ndi lomwelo, koma ndi wofewa. Chinachitika n'chiyani apa? Kapena a bambo anatopa kusinja?"

Matilda anawerama, anayang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire dzulo anaseka.

"A Enock sankatopa. Umenewo anakonza dothi ndi apongozi anga. Ndinagona tsiku limodzi ndi malungo, iwo anati ntchito isaime. Anathira madzi ngati akuphika phala. Nditadzuka ndinawauza a Enock kuti gumulani mzere umenewu, anati iwe, ukufuna mayi anga amve kuti chiyani? Anausiya. Onani lero, waulula."

"Ndiye dothi munkakonza ndinu?"

"Nanga ndani? A Enock ankadziwa kusinja ndi kuimba. Dothi akanalisiyanitsa ndi ufa?"

Lilian anatsitsa manja pamutu. "Amayi, simunandiuzepo."

"Unandifunsa liti? Umangogogoda makoma."

Onani anatulutsa kabuku. Matilda anamuuza kuti abweze kaye m'thumba, zimenezi sizilowa ndi cholembera. Anatuma Lilian kukatunga madzi m'kapu, anatola zibuma za khomalo, anaziphwanya ndi mwala, anawazapo madzi ndi nsonga za zala.

"Inu kwanuko mumathira madzi nthawi yanji?"

"M'mawa, tikamayamba."

"Ndiye mukudabwa chiyani? Dothi limawazidwa madzulo, n'kulifunditsa masamba a nthochi, ligone. M'mawa lamwa lonse mofanana. La pachulu lokha limang'aluka, lifunika mchenga wa kumtsinje, wokhakhala, osati wa panjira. Bweretsani dzanja."

Anamuika dothi m'dzanja n'kumufumbatitsa. "Finyani. Tambasulani. Mwaona, lagwirana koma chikhatho sichinanyowe. Chikanyowa, mwalakwa. Liponyeni pansi." Chibumacho chinasweka zidutswa zinayi. "Eya. Likaphwatalala ngati ndowe, madzi achuluka. Likamwazika ngati ufa, achepa. Ndipo mumakwera mizere ingati patsiku?"

"Anyamata akalimbikira, inayi."

"Akuthamangira kuti? Umodzi. Uzungulire nyumba yonse, mawa wina. Dzuwa likafika pamutu musiye, muphimbe. Mwana sumuyendetsa tsiku lomwe wabadwa."

Onani anafinyanso dothi lina, n'kuponya, n'kufinyanso, ngati kamwana kopatsidwa choseweretsa. Lilian ankajambula manja a mayi ake ndi foni. Matilda anabisa mapazi pansi pa chitenje, kenako anakumbukira kuti wavala nsapato, n'kuwatulutsa.

Bizeki anali ataima patali, pafupi ndi mulu wa nsungwi. Polankhula sanakweze mawu.

"Ine ndinadula mitengo isanu ndi umodzi kuotcha njerwa zija. Ndi bwemba wa abambo yemwe. Zaka zitatu ndili m'matope kusikimu kuti amayi atuluke m'dothi. Lero a m'tauni akuti dothi ndiye labwino. Ndiye wopusa ndine."

Kumapiri a Dedza kunagunda, kutali, kamodzi. Onse anatembenukira komweko. Mitambo inali itaunjikana pamwamba pa mapiri, yakuda kunsi. Matilda ankadziwa, ndipo Bizeki ankadziwanso, kuti khoma la mdindo limapirira piki koma silipirira mvula yolowera pamutu. Masiku atatu a mvula nyumba ili chivundukulire, ntchito imene yakanika amuna awiri idzatheka yokha.

Matilda anapukuta manja pachitenje cha kumpingo chomwecho n'kupita pamene panali mwana wake.

"Bizeki, tamvera. Nyumba yako ndimagonamo. Mvula ikamagwa sindidzuka kutchera mabeseni, ndipo ndikamapita kumpingo ndimatulukira khomo la kumaso kuti anthu aone. Palibe mwana m'mudzi muno anachitira mayi ake zimene unachita iwe. Wamva?"

"Ndamva."

"Tsono bwezera udzu."

"Chifukwa abwera a pagalimoto?"

"Awa apita madzulo ano. Ndikanakuuza chaka chatha, koma ndinkaopa nkhope yakoyi. Dzulo ndili kudimba piki iliyonse imandimenya m'nthiti. Bambo ako ali m'makoma amenewa, ndi nyimbo zawo zoipa zija. Ndikafa udzagumule, ugule piki ziwiri. Panopa ndikufuna pogona masana."

"Anthu adzati chiyani?"

"Adzati kwa amake Bizeki kuli nyumba ziwiri. Iwo ali ndi zingati?"

Bizeki anakankha nsungwi imodzi ndi phazi, anaitembenuza, ngati akuona ngati idakali yolimba. Kenako anayang'ana mulu wa udzu.

"Udzu wachepa apa. Ali, wina uli kuti?"

Ali anakanda m'mutu. "Aa, achimwene, munati ndi wotaya. Mayi a kunyumba amangira kale bafa."

"Akamasule."

"Walahi mukufuna ndikagone panja lero."

"Tenga njinga, tiye."

Anapita awiriwo akukangana, Bizeki patsogolo. Sanayang'ane m'mbuyo, koma podutsa pamtengo wa mango anatola mpando wa miyendo itatu uja, umene unagona chagada kuyambira dzulo, n'kuuimika bwino.

Lilian anafika pafupi ndi mayi ake. "Ngodyayi tingaibwezere, amayi?"

"Ndi dothi liti? Chulu chija anasalaza, pali chigayo. Matabwa aja eni ake anasonkhera moto kalekale." Matilda anagwira m'mphepete mwa pogumukapo. "Titseka ndi zidina, tizire. Chipsera chidzaoneka. Chioneke."

"A Onani akuti mupite nafe ku Lilongwe, sabata imodzi yokha, mukawaonetse anyamata."

"Nazale ya mpunga athirire ndani? Mbuzi? Mvula ndi iyo. Akafuna abweretse dothi lawolo kuno m'matumba, la pamwamba padera, la pansi padera, ndi mchenga umene akuthirawo. Ndidzaligwira ndiwauze. Abwerenso ndi mnyamata mmodzi wa manja, osati wa kabuku."

"Tibwera Loweruka," anatero Onani.

"Loweruka kuli maliro a chaka kwa achemwali anga ku Mtakataka. Lolemba."

"Lolemba, amayi."

"Tsono kakhaleni pamthunzi apo, mundipatse mpata. Lilian, alendo sanamwe kanthu, thobwa lili mundowa yobiriwira. Usatenge makapu apulasitiki."

Anavula nsapato n'kuziika pamwala. Anakoka beseni pansi pa mango. Mtsiro unali utauma pamwamba, utang'aluka, nkhulungo itakanirira pakati. Anathiramo madzi otsala m'kapu muja, anakanya ndi dzanja mpaka unafewa. Pakhonde panali udzu, fumbi ndi mapazi a amuna awiri, ngakhale pamene anazira dzulo. Anasesa ndi chikhatho malo okwana kugwadapo, anapeza mzere pamene analekezera, moyang'anizana ndi chitseko.

Dzuwa linkamuwomba pamsana, pakhonde pamene kwa zaka makumi atatu ndi zinayi panali mthunzi. Kumapiri kunagundanso, chapafupi. Anatapa mtsiro, anaupaka, anayamba kukhula ndi kamwala kuja, akusunthira chakungodya yogumuka. Kumeneko kunali kutali ndithu, ndipo mtsiro wa m'besenimo sukanafikako.